Kuwerenga Mizere ku Wakefield

Mayi Oldroyd amafika isanakwane eyiti,
ambulera ikudontha pa simenti,
n'kuyatsa nyale ya patebulo ngakhale kwacha,
poti kuno mwezi wa Novembala
dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.

Tsiku loyamba anandipatsa zinthu ziwiri:
galasi lokuza loima pa timiyendo take
ndi singano yosomeka pa kamtengo.
"Bambo Khonyongwa," anatero, akupunthwa pa dzina langa,
"dzina musalikhulupirire.
Munthu amalivula ngati jekete."

Ndinawerama. Pa khadi panali minda khumi
yakuda ndi inki,
yolimidwa mwini wake asanabadwe.
Pena mizere imakwera ngati uta n'kutsetsereka,
pena imalowa, kukhota, n'kutulukira komwe yachokera
ngati munthu woiwala chikwama kunyumba,
pena imangozungulira, kamvuluvulu.

Akamvuluvulu okha ndiwo ali ndi mtengo.
Zala ziwiri zoyamba, sikisitini;
zotsatira eyiti, kenako folo, thuu, wani.
Uphatikize pamwamba, uphatikize pansi,
uwonjezere imodzi uku ndi uku,
basi, munthu yense ndi milandu yake, ndi chifuwa chake chosatha,
wasanduka nambala ziwiri zogonerana pa kamzere.

Kukhoma kuli mapanga chikwi ndi makumi awiri kudza anayi.
Wakuba njinga agona ndi wopha mkazi wake
chifukwa zala zawo n'zapachibale.

Sabata yachitatu ndinasochetsa munthu.
Kuchoka pamphambano kukafika pamtima pa chala chamkombaphala
singano yanga inawerenga mizere isanu ndi inayi.
Inali khumi.
Desmond Haigh anasowa masiku atatu
ali m'chipinda momwemo, makhadi mazana angapo kumbuyo kwa malo ake.
Mayi Oldroyd sanakalipe.
Ananyowetsa chala, napitiriza kuvundukula,
nati, "Khadi lolowa polakwika lafa, ngakhale lilipo."
Tiyi wawo anazizira.

Loweruka kunabwera kalata yochokera ku Thondwe.
Analemba ndi mphwanga wa Sitandade sikisi:
mvula yachedwa, mbuzi yaswa awiri,
uvuni wa njerwa wapsa bwino koma ogula akuti ngongole.
Pansi pake, mmalo mwa dzina,
chala chachikulu cha bambo anga,
inki yofiirira yopempha ku positi.

Usiku, nditaponya kandalama m'mita ya gasi,
ndinaika galasi pamenepo.
Ndinafuna mphambano. Ndinafuna mtima.
Panalibe choti singano iwerenge.
Dongo la zaka makumi atatu linadya mizere yonse,
kutsala chigwa chosalala, timing'alu,
ndi kanjira koyera kopingasa
komwe chikwanje chinaphonya nsungwi
tsiku lomwe ankandikonzera khola la nkhunda.
Ndinalipo. Ndinawagwirira nsanza.

Lolemba ndinawaonetsa mayi aja.
Anayang'ana nthawi yaitali, kuposa momwe amayang'anira akuba.
"Woumba njerwa," anatero osafunsa.
"Anga ankagwira ku Normanton. Zala zawo zinali chonchi."
Kenaka anatembenukira kukhoma kuja,
maso akuyenda phanga ndi phanga.
"Kabatiyi imafuna zala zonse khumi.
Chimodzi chilibe pokhala."

Ndinaseka. Ndinayesa kuwauza za chala chimodzi ndi nsabwe,
koma m'Chingerezi mwambiwo unatuluka wopunduka,
iwo n'kukanda m'mutu.

Anatsegula dirowa, natulutsa envulopu yakhaki,
mtundu womwe timasungiramo makhadi ong'ambika.
Pakona pomwe timalemba nambala
pensulo yawo inaima,
inaima,
n'kubwerera kuseri kwa khutu.

Ndinaipinda pawiri, ndinaiika m'thumba la pachifuwa.
Patebulo panali makhadi makumi anayi ondidikira,
loyamba la mnyamata wa ku Castleford
amene anagwedeza dzanja pomudinda.
Ndinapukuta galasi ndi tayi.